Kutsatira mazira mwa afulu ndi akamba oweta: sikani kapena ekisire?

Nasibeko

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumajambula zokwawa. Pamalo pathu tikusunga afulu aakazi 6 a mtundu wa Stigmochelys pardalis, olemera pakati pa 8 ndi 14 kg, ndiponso akamba a m'madzi 9 a mtundu wa Trachemys scripta elegans, omwe ambiri sapitirira 2 kg. Cholinga n'choti tizidziwa amene ali ndi mazira, afika pati, ndiponso ayikira liti, kuti tizikonza malo oikira nthawi ikadalipo m'malo motola mazira osweka m'madzi kapena pa simenti.

Makina a sikani onyamula m'manja tingathe kuwapeza, ndipo ali ndi ma probe awiri (probe ndi kachida kogunditsa pathupi kotumiza mafunde, ndipo MHz ndi muyeso wa mafundewo): linear, ya nkhope yowongoka, ya 7.5 mpaka 12 MHz ndi microconvex, ya nkhope yaing'ono yokhota, ya 5 mpaka 8 MHz. Ekisire ili kuchipatala cha ziweto, ndiye pamafunika kunyamula nyamazo ulendo uliwonse. Ndikufuna kudziwa probe yoyenera ndi poigunditsa, popeza nyamayi ndi chigoba chokhachokha. Nanga pa sikirini ndisiyanitsa bwanji dzira lomwe likadali m'basiketi ya mazira ndi lomwe latsikira kale m'njira yake? Tizijambula kangati? Komanso ngati sikani ilipo, ekisire ikufunikabe?

Mwale_zokwawa

Mayi Nasibeko, tengani microconvex. Nkhope ya linear ndi yaitali komanso yafulati, ndiye siikwana m'kadzenje kamene mukufuna kulowamo. Mudzangoona mithunzi yakuda ya fupa uku ndi uku. Mafunde a sikani sapyola chigoba, choncho khomo ndi limodzi mbali iliyonse: khungu lofewa la m'mphechepeche, kutsogolo kwa mwendo wakumbuyo, pakati pa chigoba cha pamsana ndi cha pamimba. Palinso khomo lina pakati pa khosi ndi mwendo wakutsogolo, koma limenelo ndi la mtima ndi chiwindi. Mazira amaonekera kumeneko pokhapokha nyama ikadzaza kwambiri.

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Fulu wamkulu mukhazikeni pa ndowa yovundikira kapena pa chipika chopapatiza kuti miyendo yonse ilendewere. Wothandiza agwire mwendo wakumbuyo pamwamba pa phazi n'kuukokera kumbuyo pang'onopang'ono, osalimbana naye. Pardalis wa 12 kg akabweza mwendo mwadzidzidzi amatha kupanikiza chala kapena probe pa chigoba, ndipo probe ikang'aluka nkhope ndiye yatha ntchito. Akakana, kankhirani miyendo yakutsogolo mkati mofatsa. M'chigobamo malo ndi ochepa, ndiye yakumbuyo imatuluka yokha. Kwezani mbali ya kumutu pang'ono kuti za m'mimba zitsetserekere kumene kuli probe. Kumugoneka chagada kumathandiza nthawi zina, koma kwa mphindi zochepa chabe, chifukwa mapapo ali pansi pa chigoba cha pamsana ndipo matumbo ndi mazira zimawapsinja.

Chomwe chimaononga zithunzi zambiri ndi mpweya. Khungu la m'mphechepeche ndi la makwinya, ndipo khwinya lililonse limasunga kampweya. Dzazani kadzenje konse ndi jelo, dikirani mphindi zitatu kapena zisanu kuti alowerere, kenako muonjezere wina. Kwa akamba a m'madzi pali njira yabwino kuposa jelo: viikani theka la kumbuyo la nyamayo m'beseni la madzi a 26 mpaka 28°C n'kujambulira m'madzimo. Ngati probe yanu si yololedwa kumira, iikeni m'gulovu muli jelo n'kumanga bwino pamwamba. Madzi amakupatsani mpata wotalikitsa probe ndi khungu sentimita imodzi, ndiye zinthu za pafupi zimaoneka bwino. Pukutani tithovu tomata pakhungu ndi chala. Pa makinawo, kwa afulu aakulu yambani ndi 5 kapena 6 MHz ndi kuya kwa 10 mpaka 12 cm. Kwa akamba aang'onowo 8 MHz ndi 4 mpaka 6 cm.

Choyamba kuoneka nthawi zambiri ndi chikhodzodzo: chakuda bii, ndipo mwa afulu chimakhala ndi tinthu toyera toyandama tomwe timavunduka nyama ikagwedezeka. Chikhodzodzo chodzaza ndi bwenzi lanu chifukwa mafunde amadutsamo bwino n'kuonetsa zomwe zili kuseri. Ndiye musamudzidzimutse fulu pomunyamula, chifukwa akachita mantha amakodza zonse. Akatero mupatseni madzi mukamaliza, popeza mkodzowo ndi nkhokwe yake ya madzi.

Tsopano kuwerenga chithunzi. M'basiketi ya mazira muli timipira ta chikasu, mafolikulo, tosanjikizana ngati phava la mphesa. Tating'ono kwambiri, ta mamilimita ochepa, timaoneka takuda chifukwa tilibe chikasu. Chiwindi chikayamba kutumiza chikasu, mafolikulo amakula n'kusanduka otuwa mowala, ozungulira bwinobwino, osalala m'mphepete, ndipo mtundu wake ndi umodzi ponseponse. Nthawi zambiri mumapeza misinkhu iwiri kapena itatu pamodzi, ndipo msinkhu uliwonse ndi gulu la mazira lomwe lidzaikiridwe pa nthawi yakeyake. Pardalis ndi Trachemys onse amaikira kangapo pa nyengo imodzi, choncho musadabwe kuona mazira a makoko ndi mafolikulo aakulu mwa nyama yomweyo.

Folikulo likachoka m'basiketi n'kulowa m'njira ya mazira, chithunzi chimasintha mosakayikitsa. Chikasu chija chimakhalapobe chotuwa, koma chimazunguliridwa ndi mkombero wakuda, womwe ndi zoyera za dzira, ndipo kunja kwake kumabwera kamzere kopyapyala kowala. Mwa Trachemys dzira limatalika, silikhalanso lozungulira. Masiku akamapita kamzereko kamanenepa ndi kuwala kwambiri chifukwa cha kashiyamu, mpaka mafunde amalephera kupyola: mumangoona uta woyera ndi mthunzi wakuda kuseri kwake. Mazira a pardalis ali ndi khoko lolimba, ndiye mthunziwo umakhala wathunthu. Khoko la dzira la Trachemys ndi lofewerapo, ndipo mkati mumaonekabe pang'ono mpaka pafupi kuikira.

Mtundu wachitatu ndi wa mafolikulo omwe thupi laganiza zowamwanso. Amenewa amataya kuzungulira kwake, m'mphepete mumakhala manyanomanyano, mkati mumasakanikirana zowala ndi zakuda, nthawi zina ndi kadziwe kakuda pakati kapena pambali. Owerengeka otere ndi abwinobwino kumapeto kwa nyengo. Akachuluka chaka ndi chaka popanda dzira loikiridwa, yang'anani kutentha, kuwala ndi chakudya.

Msampha wa oyamba kumene ndi matumbo. Thumbo lodulidwa chopingasa limaoneka lozungulira ngati folikulo. Tembenuzani probe madigiri 90: folikulo limakhalabe lozungulira, thumbo limasanduka chubu, ndipo mukadikira pang'ono mumaliona likuyenda.

Za kangati: kunja kwa nyengo yoswana, kamodzi pamwezi n'kokwanira. Mafolikulo akayamba kukula, pa milungu iwiri iliyonse. Akayandikira msinkhu wake womaliza, mlungu uliwonse. Msinkhu womalizawo umasiyana ndi mtundu. Mwa Trachemys ndi pafupifupi 2 cm, mwa afulu a ku Galápagos pafupifupi 4 cm. Kwa pardalis anuwo njira yachidule ndi iyi: tengani dzira losakhala ndi mwana la nyama yomweyo, liphikeni, lidule pakati n'kuyeza chikasu. Folikulo lokhwima limafika pafupi ndi muyeso umenewo. Ulendo uliwonse lembani tsiku, kulemera kwa nyama, mbali imene mwajambula, ndi muyeso wa mafolikulo atatu aakulu kwambiri, aliyense moyeza mbali ziwiri. Imitsani chithunzi pamene folikulo likuoneka lalikulu kwambiri. Mukayeza pamene mafunde adula m'mphepete mudzapeza nambala yochepa n'kuganiza kuti likufota. Chithunzi cha tsiku limodzi sichikuuzani kanthu kwenikweni. Folikulo la 18 mm likhoza kukhala likukula kapena laima, ndipo chosiyanitsa ndi muyeso wa milungu iwiri yapitayo. Gerald Kuchling anasonyeza mu 1989, pa akamba a Chelodina oblonga a ku Western Australia, kuti sikani ingalowe m'malo mong'amba nyama pofuna kuona mabasiketi a mazira, ndipo anagwiritsa ntchito njira yomweyi potsatira Pseudemydura umbrina, kamba yemwe anatsala pang'ono kutheratu n'kuyamba kuswetsedwa ku Perth Zoo. Mphamvu ya ntchito yonseyo inali kubwereza pa nyama zomwezo.

Chimodzi chokha musachiyembekezere kwa sikani: kuwerenga. Dzira limodzi la khoko limabisa atatu kuseri kwake, ndipo lomwe mwaliona kumanzere mukhoza kuliwerenganso kumanja. Lembani kuti “osachepera 5”, osati “5”.

Pakati pa nyama ndi nyama sinthani gulovu ya probe kapena ipukuteni ndi mankhwala amene opanga makinawo analoleza. Tizilombo toyambitsa matenda ta Herpesvirus ndi Mycoplasma timayenda ndi zipangizo, ndipo sipiriti amaumitsa ndi kung'alula nkhope ya ma probe ambiri. Sambani m'manja chifukwa cha Salmonella, kachilombo komwe kamadwalitsanso anthu.

Chisale_R

A Mwale afotokoza bwino za sikani, koma ine ndiikira kumbuyo ekisire, chifukwa funso lomaliza la mayiwa yankho lake ndi inde, ikufunikabe. Sikani imakuuzani pamene mazira afika. Ekisire imakuuzani kuti alipo angati, ali pati, komanso ngati angadutse. Mafunso awiriwa ndi osiyana. Whit Gibbons ndi Judith Greene a ku Savannah River Ecology Laboratory ku South Carolina anafalitsa njirayi mu 1979, ndipo mpaka lero ndiyo yodalirika powerenga mazira mwa kamba wamoyo.

Chithunzi chofunika ndi chochokera pamsana kupita pamimba, nyama itakhala mmene imakhalira pa mbale yojambulira. Mankhwala ogonetsa safunika. Kamba wamng'ono muikeni m'bokosi la pulasitiki lomukwana ndendende, kapena mugogodeni pang'ono pa chigoba kuti abwerere mkati, n'kujambula nthawi yomweyo. Munthu asagwire nyama ndi manja cheza chikuwomba. Mphamvu yake imatengera kukhuthala kwa nyama: pafupi ndi 50 kVp (muyeso wa mphamvu ya cheza) kwa akamba aang'ono, mpaka 70 kapena kupitirira kwa pardalis wamkulu wa msana wautali. Kwa Trachemys musapyoze muyeso, chifukwa khoko la mazira awo lili ndi kashiyamu wochepa ndipo chithunzi chikada kwambiri kamzere kake kamazimirira. Tsukani matope ndi timiyala pa chigoba musanajambule, apo ayi mudzaziona ngati zili m'mimba.

Ekisire imaona khoko basi. Mafolikulo saoneka, ndipo dzira lomwe langolowa kumene m'njira yake, lisanavale kashiyamu, nalonso silioneka. Ndiye chithunzi chopanda mazira sichitanthauza kuti nyama ilibe kanthu. Apa ndi pamene makina awiriwa amagwirana manja: dikirani mpaka sikani ionetse kamzere kowala kokhala ndi mthunzi, kenako nyamulani nyama kupita ku ekisire kamodzi kokha pa gulu limenelo la mazira. Mukatero simuvutitsa nyama ndi maulendo achabe, ndipo simuunjika cheza pa mabasiketi a mazira a nyama yomwe idzaswana zaka makumi angapo. Mlingo wa chithunzi chimodzi ndi wochepa, koma kujambula mlungu uliwonse kulibe phindu lomwe sikani singakupatseni.

Poyeza kumbukirani kuti ekisire imakuza zinthu. Dzira silikhudza mbale, lili m'mwamba mkati mwa nyama. Ngati chubu chotulutsa cheza chili 100 cm kuchokera pa mbale ndipo dzira lili 5 cm pamwamba pa mbaleyo, chithunzi chimakula ndi 100 kugawa ndi 95, kapena kuti pafupifupi 5 peresenti. Dzira la 44 mm lidzaoneka ngati la 46 mm. Njira yosavuta ndi kuika kampira kachitsulo ka muyeso wodziwika pambali pa nyama, pa kasiponji kokwezeka kufika msinkhu womwe mazira ali, n'kuwerengera kuchokera pamenepo. Mukakaika pa mbale penipeni sikakuthandizani.

Mukawerenga mazira, yang'anani zinthu izi pa dzira lililonse. M'lifupi mwake poyerekeza ndi mpata wa pakati pa mafupa a m'chiuno, komanso mpata wa kumbuyo pakati pa zigoba ziwirizo, womwe mungauyeze ndi kalipa (chida choyezera m'lifupi) pa nyama yeniyeniyo. Maonekedwe ake: lalikulu mopitirira anzake, awiri omatana, losweka kapena lophwanyika mbali imodzi. Makulidwe a khoko: la gulu latsopano limakhala lopyapyala, losalala ndi lofanana ndi anzake, pamene lomwe lakhalitsa m'thupi limakhala lokhuthala, loyera kwambiri, nthawi zina lokhakhala kunja. Mukaona awiri okhuthala pakati pa asanu ndi atatu opyapyala, dziwani kuti awiriwo ndi otsala a gulu lakale. Yang'ananinso mafupa a m'chiuno ngati anathyokapo kapena anapindika chifukwa chosowa kashiyamu nyamayo ili yaing'ono.

Mwa afulu samalani ndi mwala wa m'chikhodzodzo. Umakhala wozungulira ndipo wosazolowera amauwerenga ngati dzira. Dzira lili ndi kamzere koyera kunja ndi mkati motuwa mofanana. Mwala umakhala woyera mpaka mkati, kawirikawiri ndi mizere yozungulira yosanjikizana. Mwala waukulu ukhoza kutsekera mazira njira, choncho kuupeza kumasintha zonse zimene mukanachita.

Nasibeko

Zikomo kwambiri a Mwale ndi a Chisale. Funso lotsatira likuchokera pa zomwe mwanenazi. Tiyerekeze kuti ekisire yaonetsa mazira 11 mwa Trachemys wa 1.6 kg, onse ofanana, makoko osalala, palibe lokulitsa. Nyamayo yasiya kudya, ikungoyendayenda, ikukanda ndi miyendo yakumbuyo koma osaikira. Tidikire mpaka liti tisanaganize za jakisoni wa okisitosini, mankhwala othandiza kutulutsa mazira? Ndipo nanga fulu yemwe sikani ikumuonetsa mafolikulo aakulu mwezi ndi mwezi koma dzira la khoko osaoneka, ameneyo timutani?

Dokotala_Nyirenda

Mayi, kamba amene mwamufotokozayo sakudwala, akufuna poikira. Kusiya kudya, kusakhazikika ndi kukanda ndi khalidwe la wamkazi aliyense amene nthawi yake yakwana. Akamba amatha kusunga mazira okhwima m'thupi kwa milungu ingapo osavulala. Kamwana ka m'dziramo kamaima kukula kakadali koyambirira kwenikweni chifukwa m'njira ya mazira muli mpweya wa okosijeni wochepa, ndipo kamayambiranso dzira likaikiridwa. N'chifukwa chake musavutike kufunafuna kugunda kwa mtima m'dzira lomwe likadali m'mimba, kapena kuyesa kudziwa pa sikani ngati lili ndi mwana. Sizioneka. Wamkazi amaikira ngakhale popanda wamwamuna, komanso amatha kusunga umuna kwa zaka, ndiye kukhalapo kwa mazira sikutsimikizira chilichonse mbali zonse ziwiri.

Yambani ndi malo. Kukanirira kwa mazira kochuluka mwa nyama zoweta gwero lake ndi dothi, osati thupi. Kwa Trachemys konzani dothi losakaniza ndi mchenga, theka ndi theka, lakuya 20 mpaka 25 cm, lonyowa moti mukalifinya m'manja ligwirane koma osadontha madzi. Louma limagumukira m'dzenje ndipo wamkazi amasiya. Lamatope nalonso amalikana. Pamwamba pake pafunde kufika 28 mpaka 30°C mbali imodzi, pakhale pobisika, ndipo azitha kukwerapo yekha kuchokera m'madzi nthawi iliyonse, makamaka madzulo ndi m'mamawa. Chotsani amuna ndi aakazi ovutitsa anzawo. Pardalis amafuna 30 cm kapena kupitirira, ndipo amakodzera dothi kuti lifewe pokumba, choncho azimwa mokwanira. Ngati nyama ili ndi mphamvu, maso ali gwa, ikuyenda bwino ndipo ekisire ndi yoyera monga mwanenera, ipatseni mlungu umodzi kapena iwiri pa malo okonzedwa bwino, mukuiyeza kulemera masiku angapo aliwonse.

Musadikire ngati mwaona izi: kufooka, miyendo yakumbuyo kukokeka, kudzikakamiza kotulutsa popanda chotuluka, magazi kapena zonunkha kumaliseche, nyama yofiira kutuluka kumaliseche, kapena ngati waikira ochepa n'kusiya ena kwa masiku awiri ali wosasangalala.

Okisitosini amagwira bwino mwa akamba kuposa mwa njoka ndi abuluzi, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu amamuthamangira. Lamulo langa n'lakuti popanda ekisire ya masiku omwewo, jakisoni ayi. Mankhwalawa amafinya njira ya mazira mwamphamvu. Ngati kutsogolo kuli dzira lokulitsa, mwala kapena chiuno chopindika, kufinyako kumang'amba njirayo, kapena kutulutsira nyama ya mkati kunja, kapena kukankhira dzira m'chikhodzodzo, popeza khomo la chikhodzodzo ndi la njira ya mazira onse amatsegukira malo amodzi. Dzira likalowa m'chikhodzodzo silituluka ndi jakisoni wina. Pamafunika endosikopi, kachubu ka kamera kolowetsa m'thupi, kapena opaleshoni. Pa sikani limaoneka lozunguliridwa ndi mkodzo wakuda mbali zonse ndipo limagubuduka mukapendeketsa nyama.

Ngati zonse zili bwino, dongosolo lake ndi ili, ndipo wobaya akhale dokotala wa ziweto. Nyama ikhale yofunda, 28 mpaka 30°C, chifukwa minofu yozizira siyankha. Ikhale ndi madzi okwanira m'thupi. Yezani kashiyamu wa m'magazi ngati n'kotheka. Ngati ndi wochepa, calcium gluconate wa 10 peresenti, 50 mpaka 100 mg pa kg, wosungunulidwa, pafupifupi ola limodzi okisitosini asanabayidwe, chifukwa popanda kashiyamu minofu siifinya. Okisitosini amaperekedwa pakati pa 1 ndi 10 IU (muyeso wa mphamvu ya mankhwala) pa kg mu mnofu, kuyambira mlingo wotsika, makamaka kwa afulu aakulu. Akamba a m'madzi nthawi zambiri amafuna wokwererapo. Mazira amayamba kutuluka pakati pa mphindi 30 ndi maola awiri. Kamba wa m'madzi muikeni m'beseni la madzi ofunda osapitirira chigoba chake, munthu ali pompo kuchotsa dzira lililonse likangotuluka, apo ayi amaliponda. Mukabwereza kawiri kapena katatu osaona kanthu, lekani. Kuonjezera mlingo pamenepo n'kuika moyo wa nyama pachiswe.

Funso lanu lachiwiri ndi lovuta kuposa loyamba. Mafolikulo akhoza kukula mpaka kukhwima kenako n'kungokhala, osatsika komanso osamwedwanso. Zimaoneka kawirikawiri mwa afulu aakazi okhala okha kwa zaka, kapena osowa kusintha kwa nyengo m'khola mwawo. Ekisire pamenepa ilibe ntchito. Ndipo sikani ya tsiku limodzi singasiyanitse vutoli ndi nyama yathanzi yomwe yatsala pang'ono kutsitsa mazira, ndiye kaundula amene a Mwale anena uja ndiye umboni wanu. Muyeso womwewo kwa miyezi itatu kapena inayi, mafolikulo ochuluka odzaza mimba, ena akuyamba kuoneka osakanikirana mkati, madzi akuda pakati pawo, nyama ikudya mochepa ndi kufooka miyendo: zimenezo pamodzi ndi zomwe zimandichititsa kukayikira. Magazi amaonetsa kashiyamu, mapuloteni ndi kolesitero okwera, koma amakweranso mwa wamkazi wathanzi amene akupanga chikasu, choncho paokha sagamula. Okisitosini pano ndi wachabe, chifukwa m'njira ya mazira mulibe choti atulutse. Choopsa n'chakuti folikulo lokalamba limaphulika, chikasu n'kutayikira m'mimba, n'kuyambitsa kutupa komwe kumapha. Nyama yomwe ikudyabe mungayese kuikonzera kutentha, kuwala kwa UVB (cheza chopezeka m'kuwala kwa dzuwa) ndi chakudya, ngakhalenso kuionetsa wamwamuna. Yomwe yayamba kufooka imafuna kuchotsa mabasiketi a mazira. Mwa akamba a m'madzi izi zimatheka kudzera m'mphechepeche momwemo mothandizidwa ndi endosikopi, popanda kudula chigoba. Mwa afulu ena mpata umachepa ndipo amadula chigoba cha pamimba, chomwe chimatenga miyezi yambiri kuti chilumikizane.

Chisale_R

Ndionjezere pa nkhani ya mafolikulo oima ija: kumene CT ilipo, ekisire ya kompyuta yojambula thupi m'magawomagawo, ndiyo imathetsa mkangano. Chigoba sichiitchinga, imaonetsa mafolikulo ndi mazira onse pamodzi, mungawerenge ndi kuyeza lililonse, ndipo imasonyeza ngati dzira lili m'njira yake, m'chikhodzodzo kapena latayikira m'mimba. Kujambulako kumatenga masekondi, ndipo fulu wokhazikika pa chipika cha siponji, miyendo ili lende, kawirikawiri safuna kugonetsedwa. Koma cheza chake n'chochuluka kuposa cha ekisire ndipo mtengo wake ndi wokwera, ndiye ndi ya nyama yomwe mukuganiza zoichita opaleshoni, osati yotsatirira gulu lonse mwezi ndi mwezi.

Pa mlungu umodzi kapena iwiri ya a Dokotala ndikugwirizana nawo kwa pardalis. Kwa Trachemys yemwe wayamba kutaya dzira limodzilimodzi m'madzi ine sindingadikire nthawi yonseyo. Kutaya kotero ndi chizindikiro choti wakana malo amene mwamupatsa, ndipo otsalawo amangonenepa khoko.

Mwale_zokwawa

Zoona a Chisale, ndipo kutaya m'madziko kumasokonezanso chiwerengero, chifukwa akamba anzake amadya mazirawo munthu asanawaone. Wamkazi amene ekisire yamuwerengera mazira muikeni payekha mpaka amalize.

Akaikira, werengani zomwe zili m'dzenje n'kuyerekeza ndi chithunzi. Ekisire inati 11, m'dzenje muli 9, ndiye awiri akadali mkati, ngakhale nyamayo itayambiranso kudya. Muyezeni kulemera tsiku lomwelo ndipo mujambuleni sikani mbali zonse ziwiri pasanathe masiku awiri kapena atatu. Uta woyera wokhala ndi mthunzi ukaonekabe, bwererani kwa dokotala. Ukapanda kuoneka koma nambala sizikugwirizana, ekisire yachiwiri ndi yoyenera, chifukwa dzira lokhala kutsogolo kwambiri, pafupi ndi chiwindi, probe ya m'mphechepeche siilifikira mwa fulu wamkulu. Pa sikani yomweyo yezani gulu lotsatira la mafolikulo. Mwa mitundu yanu iwiriyi gulu lachiwiri limatha kutsika patangopita milungu iwiri mpaka inayi, ndiye dothi lija musalichotse.

Mazirawo pofukula lembani kachizindikiro pamwamba ndi pensulo, osati inki, ndipo muwaike mu chofungatira mmene munawapezera. Dzira la kamba lilibe timinyewa togwira chikasu ngati la nkhuku. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri kamwana kamamatirira kumtunda kwa khoko, ndipo mukalitembenuza chikasu chimakapsinja. Kuyambira pamenepo sikani siithandizanso pa dzira la khoko lolimba. Gwiritsani ntchito tochi yaing'ono ya LED m'chipinda cha mdima, kuunikira cham'mbali dzira lili pamalo pake. Mwa Trachemys kadontho koyera ngati choko kamaoneka pamwamba m'masiku oyambirira n'kumafalikira, ndipo mitsempha yofiira imaoneka pakatha milungu iwiri kapena itatu pa 28°C. Mazira a pardalis amachedwa kwambiri ndipo ena amakhala miyezi osaonetsa kanthu asanayambe kukula, choncho musataye dzira lawo chifukwa choti ndi loyera mkati, pokhapokha litanunkha kapena kuphulika.